Ndege Zitawombana, Ndinabuma Maliro a Munthu Wamoyo

Senderani kuno ana anga, khalani pafupi kuti ndisachite kukweza mawu, pakuti mawu okweza ndi amene anandipalamulitsa. Inu owerenga, ine cholembera sindichidziwa. Ndikuyankhula ndine, koma akulemba ndi mnzanga wa ku Najma, dera lina la kuno ku Doha, amene timapemphera limodzi Lachisanu, tsiku lathu la ofu. Ndamuuza kuti asandikometsere nkhani, alembe mmene zikutulukira m'kamwamu.

Cholakwa changa ndi ichi. Ndinabuma maliro a munthu wamoyo, ndipo kubuma kwangako kunagwetsa mayi ake, mayi amene ndinalembedwa ntchito kuti ndiziwasamala. Mpaka lero sayankhula.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Mwana wanga wamkazi atatisiya, anandisiyira zidzukulu zitatu, ndipo khasu lokha silikanatha kuzilera. Ndi mmene ndinapezekera kuno ku Doha pa msinkhu umene anzanga amakhala pakhonde n'kumatongola chimanga. Banja limene linanditenga si la kuno, ndi alendo ngati ife tomwe, kungoti iwo ndi alendo okhala m'mwamba. Dziko la kwawo sinditchula. Timakhala ku Al Dafna, m'nyumba zija zazitali zimene ukasuzumira pawindo galimoto zimaoneka ngati nyerere. M'nyumbamo munali Abwana, Madamu, ndi mayi ake a Madamu, amene aliyense ankawaitana kuti Haja. Ntchito yanga inali Haja ameneyu: kuwasambitsa, kuwaphikira, kuwapatsa mankhwala a BP, ndi kuyenda nawo m'khonde kuti miyendo isaume.

Tinkagwirizana ngati pachibale. Iwo Chichewa ayi, ine Chiarabu cha apo ndi apo, koma nkhalamba ziwiri sizisowa chokamba. Ndikawaonetsa zidzukulu pa foni, ankapsompsona galasi la foniyo. Ndikamathamanga ndi ntchito, ankandikoka chitenje n'kunena kuti, “Shuwai shuwai,” kutanthauza kuti pang'onopang'ono. Mawu amenewa ankandiuza tsiku lililonse, ine n'kumangoseka. Ndikanawamvera.

Haja anali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, chitsiriza, dzina lake Yusufu. Iyeyu anatsala kwawo, ankayendetsa ndege zankhondo. Ankabwera patchuthi ndi mnzake wa ntchito yomweyo, Samiru, amene anakula naye kuyambira ali ana. Anyamata awiriwa atamva zidzukulu zanga zikundiitana pa foni, nawonso anayamba kunditi Gogo. Ndinawazoloweza zitumbuwa za nthochi, ndipo ankalimbirana chomaliza ngati ana a sukulu. Samiru ankanyoza mnzake kuti amayendetsa ndege ngati dalaivala wa takisi. Yusufu ankabweza kuti Samiru amapemphera kwambiri asananyamuke chifukwa amadziwa yekha mmene amaterera. Tsiku lina Yusufu anandionetsa ndi manja ake awiri mmene amaulukira: dzanja lina patsogolo, lina pambali chakumbuyo, moyandikana kwambiri. Wina amatsogola, wina amalondera msana wa mnzake. Ine ndinati, ndiye ng'ombe ziwiri za pangolo imodzitu. Atandimvetsa anaseka mpaka misozi.

Kenako kwawoko kunabuka nkhondo.

Madamu analamula kuti Haja asamaonere nkhani pa TV, chifukwa dokotala anali atachenjeza kuti mtima wawo sufuna kudzidzimutsidwa. Lamulo limeneli ndinalimva ndi makutu angawa, ndipo rimoti ndinkaibisa ndine. Yusufu ankatumiza mawu pa foni akapeza mpata. Akatumiza, Haja ankadya. Akapanda kutumiza, chakudya chinkabwerera ku khitchini mmene chinapitira, iwo ali ndi mikanda yawo ya mapemphero m'manja.

Tsikulo kunacha ngati masiku onse. Cha m'ma teni koloko anafika a Mbewe, dalaivala wa Abwana, bambo wa ku Zomba amene anakhalitsa kuno ndipo Chiarabu ankachimva bwino. Anabweretsa zogula za m'nyumba. Masiku onse ankalowa akundiseka kuti, “Gogo, tiyi wa alendo ali kuti?” Tsiku limeneli analowa mwakachetechete n'kutseka chitseko cha khitchini.

Ndinati, “Achimwene, mwagunditsa galimoto ya eni ake kodi?”

Anati, “Bola ikanakhala galimoto, Gogo. Abwana alandira foni ndikuwadiraiva ku West Bay. Ndege ziwiri zawombana m'mwamba, zokhazokha za mbali imodzi. Ina ndi ya Yusufu, ina ya mnzake uja. Zonse zagwa.”

Iwo anandigwira mkono n'kupitiriza kuti, “Koma pulizi Gogo, sanakonfeme. Abwana ndawasiya ku ofesi kwa Madamu, ndikubwerera kukawatenga. Anena kuti Haja asamve kanthu mpaka abwere ndi dokotala. Ine ndakuuzani chifukwa ndinu mayi anga kuno, zandilemera ndekha. Halasi, basi, zithere m'khitchini muno.”

Ndinagwedeza mutu kuvomera, iwo n'kutsika.

Inu owerenga, apa ndipo ndikufuna mundimvetse, osati kuti mundikhululukire, koma kuti muone mmene munthu amagwera m'dzenje maso ali tsegu. Mawu akuti sanakonfeme analowa khutu ili n'kutulukira ili. Ndinkaganiza ndi nzeru za kwathu. Munthu akagwa mu mtengo wa mango amathyoka msana, nanga wogwa kuchokera m'mitambo, ali m'chitsulo choyaka moto, atsale n'chiyani? Sindinkadziwa kuti ndege zankhondo zili ndi mpando umene umamulavula munthu kunja zinthu zikavuta. Palibe anandiuzapo, inenso sindinafunsepo. Kwa ine, mwanayo anali atapita basi.

Chinanso ndi ichi, ndipo chimandichititsa manyazi. Kwathu ndinkadziwika ndi mawu. Pakagwa zovuta m'mudzi, amayi ankadikira ine kuti ndiyambitse kubuma, chifukwa mawu anga ankafika kutsidya kwa dambo. Anthu ankati maliro amene ine ndabuma salira anthu ochepa. Ndinkanyadira zimenezi mumtima, ngakhale sindinkanena.

Ndinapirira kwa nthawi yongokwanira kuwiritsa madzi a tiyi. M'nyumba munali zii, kumangomveka mpweya wa makina oziziritsa. Ndinayamba kudzifunsa kuti, mwana wa munthu wafa, nyumba n'kukhala duu ngati yafa ndi nkhuku? Palibe masamba pamsewu, palibe mayi wolira, palibe chilichonse chouza dziko kuti pano pachoka munthu? Ndinakumbukira tsiku limene ndinaika mwana wanga. Ndinatuluka m'khitchini kuti ndikatenge kapu ya Haja, ndipo m'khonde ndinakumana ndi chithunzi cha Yusufu atavala zake zantchito, chisoti chili m'khwapa, akumwetulira ngati wangolanda mnzake chitumbuwa.

Zinatuluka. Sindinganame kuti zinandipulumuka zokha. Chisoni chinalipo, inde, koma mbali ina ndinkaona ngati ndi udindo wanga, ine wamkulu, kumulemekeza mwanayo mwa chikwathu. Ndinasenza manja pamutu, ndinagwada pa matailosi, n'kukuwa ndi mawu aja a kutsidya kwa dambo: “Mayo ine! Yusufu mwana wanga! Amako wawasiyira yani, Yusufu iwe!”

Haja Chichewa sankamva, koma kulira sikufuna womasulira, ndipo dzina la mwana wawo analimva. Ndinangomva chitsulo chawo choyendera chikugogoda pansi, go, go, go, mofulumira kuposa masiku onse. Anaima pakhomo la chipinda chawo, mpango utagwera paphewa, n'kutchula dzinalo kamodzi kokha, ngati akufunsa.

Mulungu anandipatsa mpata wachiwiri pamenepo. Ndikanatha kuloza foni yanga n'kunamizira kuti zovuta zagwa kwathu. Ndikanatha kungotseka pakamwa n'kuwabweza pabedi. Koma munthu ukayamba kubuma umaledzera nako. Ndinaloza kumwamba. Ndinatenga manja anga awiri, mmene Yusufu anandionetsera muja, dzanja lina patsogolo lina pambali, n'kuwawombanitsa, phwa, kenako n'kuwagwetsera pansi.

Haja anayang'ana manja angawo. Pakamwa pawo panakhotera mbali imodzi. Chitsulo chija chinapita uko, iwo n'kugwera uku.

Kubuma kwanga kunathera pomwepo ngati wandithira madzi. Ndinawagwedeza, ndinawaitana, maso okha ndi amene ankayenda. Nambala ya ambulansi sindinkaidziwa. Ndinathamangira mu lifiti wopanda nsapato kukaitana alonda a pansi, ndipo ndi iwo amene anaimba foni. Pamene Abwana ndi Madamu ankafika ndi dokotala wawo uja, anakumana ndi machira pakhomo la lifiti. Madamu sanandikalipire. Anangondiyang'ana kuchokera ku mapazi anga opanda nsapato mpaka kumaso kwanga konyowa, ndipo anadziwa zonse.

Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, lilime linagwidwa.

Mawa lake masana ndili ndekha m'nyumba, ndinamva Abwana akulowa akufuula, akutamanda Mulungu. Yusufu anali moyo. Mpando uja unamuponya kunja, anatsika ndi chinsalu chonga ambulera, n'kukagwera kutali m'mapiri. Anamutola ndi abusa a mbuzi, atavulala msana ndi mwendo, ndipo kumeneko foni sizinkagwira, n'chifukwa chake uthenga unachedwa. Samiru ndiye sanatuluke m'ndege yake.

Ana anga, sindidziwa ngati munayamba mwamvapo nkhani yabwino ikukulasani ngati mkondo. Ndinasangalala, ndinagwada kuthokoza, koma ndili chigwadire ndinazindikira kuti ndikanangodekha tsiku limodzi lokha, Haja akanamva kuti mwana wawo wavulala koma ali moyo, akanalira pang'ono, kenako akanadya. Maliro amene ndinabuma kunalibe. Ndinachita kuwapanga ndekha, ndipo anatsala pang'ono kukhala a Haja.

Madamu anandikhazika pansi n'kundifunsa kuti ndinamva kwa yani. Ndinayesa kuzungulira, koma panalibe kothawira, ndinatchula a Mbewe. Sabata isanathe kontirakiti yawo inadulidwa. Bambo amene anagwira ntchito zaka zambiri wopanda chodandaula naye, amene ankaphunzitsa ana ake ndi chiwongolero chimenecho. Tsiku lonyamuka anabwera kudzabweza makiyi. Ndinawagwadira pakhomo la khitchini. Sanandinyoze. Anangoti, “Gogo, ndinakuuzanitu kuti pulizi.” Mawu okhawo, n'kulowa mu lifiti. Bola akanandimenya.

Nanenso chikwama changa chinali chomanga. Chimene chinachedwetsa ulendo wanga n'chakuti Haja atatuluka m'chipatala ankakana chakudya cha nesi amene anawabweretsera. Ankatseka milomo n'kuyang'ana kukhoma. Tsiku lachitatu Madamu anandiitana n'kundipatsa mbale ya phala osandiyang'ana. Ndinalowa kwa Haja ndikuganiza kuti akandiona atembenuka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsegula pakamwa. Sindidziwa ngati kunali kukhululuka kapena kuzolowera dzanja langa chabe. Madamu anati ndikhale kaye mpaka apeze wina.

Patapita miyezi, Yusufu anafika. Anatsika mu lifiti ndi ndodo ziwiri, msana uli m'chilamba cholimba, atawonda ngati si iye. Analowa kwa mayi ake, ndipo ndinamva akulira ngati kamwana. Haja anayesa kutchula dzina lake, linakanika. Ine ndinabisala m'khitchini masiku awiri, ndikamva ndodo zake m'khonde ndinkayamba kutsuka mbale zotsukatsuka kale.

Tsiku lachitatu m'mawa anandipeza. Anakoka mpando n'kukhala movutikira. Ndinayamba kupepesa, koma anakweza dzanja kuti ndisiye. Anatenga masupuni awiri patebulo, ndipo ndi Chizungu changa chothyokathyoka, Chiarabu cha apo ndi apo ndi masupuniwo, anandifotokozera mmene zinachitikira.

Anati kunali utsi ndi fumbi lambiri m'mwambamo. Awiriwo ankathamangitsa kandege ka adani, kaja kopanda munthu m'kati, kamene kankalunjika kumene kumakhala anthu. Kankauluka pang'onopang'ono, iwo ali pa liwiro loopsa, ndiye ankachita kuzungulira kuti akapeze bwino. Anali atauzidwa kuti asamayankhule kwambiri pa wailesi kuopa kuti adani angawamve. Iye maso anali pa kandegeko, Samiru nayenso maso pa kandegeko. Yusufu anakhotera kumanzere akutsika, Samiru ankakwera kuchokera pansi, malo amene phiko la ndege yako limakubisira. Anagunditsa masupuni aja pang'ono chabe, nge. Anati sizinatenge nthawi ya kuphethira. Anakoka chogwirira cha pakati pa miyendo, mpando n'kumulavula. Akulendewera ku chinsalu chija anazunguza mutu uku ndi uku kufunafuna chinsalu chachiwiri m'mwambamo. Kunalibe.

Anati akuluakulu ake anafufuza n'kunena kuti inali ngozi ya pankhondo, koma iye mawu amenewo samuthandiza. Amene ankayenera kulonderana misana anali awiriwo, ndipo amene anagwetsa Samiru sanali mdani.

Anaika masupuni pansi n'kundiyang'ana. Anati, “Gogo, ine ndinagunda m'bale wanga ndisakumuona. Inu munagunda amayi anga musakuwaona. Ndikakuthamangitsani inu, ine ndipite kuti?”

Tsiku lomwelo anayankhula ndi mlongo wake chitseko chili chotseka. Anakangana nthawi yaitali. Madzulo ake Madamu anandiuza kuti ndimasule chikwama.

Tsono inu owerenga, makamaka inu amayi anzanga amene mukubwera kuno kudzagwira ntchito m'nyumba za eni, tamverani nkhalamba imene inapsa. Kwa eni kulibe mkuwe. Mukamva uthenga woipa wa m'banja limene mukugwiramo ntchito, si wanu woti muulengeze, ngakhale mutawakonda bwanji. Eni ake akati dikirani, amadziwa chimene inu simukuchidziwa. Ine sindinkadziwa za mpando uja, ndipo m'malo mofunsa ndinaweruza ndekha kuti munthu wafa. Nkhani za kunkhondo zimabwera zodukaduka: lero akuti wafa, mawa wapezeka, lero akuti wapulumuka, mawa ayi. Ndimaona m'magulu athu a pa foni anthu akuthamangira kutumiza zithunzi za ngozi, akupikisana kuti ayambe ndani kulemba kuti ause mumtendere. Kumenekonso ndi kubuma, ana anga, kungoti mukubuma ndi chala. Simudziwa kuti kumapeto kwa uthengawo kwaima mayi wotani, ndi mtima wotani.

Ndipo musati unandilakwitsa ndi mwambo wa kwathu. Ndinayesa kudzinamiza choncho, koma si zoona. Ngakhale ku Ntcheu sitibuma mwini mbumba asanavomereze. Munthu akatsirizika, amayi timaluma chitenje n'kudikira, ndipo wopita kukauza mayi wokalamba amayamba ndi kunena kuti matenda akula. Zonsezi ndinkazidziwa, ine amene ndinkaletsa atsikana kukuwa nthawi isanakwane. Mwambo ndinausiya pa eyapoti, ndinangonyamula mawu okha.

Nanunso amene mumamva zinthu m'galimoto za mabwana, zikakulemerani, kapemphereni. Musazitule pa munthu chifukwa choti ndi wakwanu.

Mwina mukufuna kudziwa kumene aliyense ali lero. A Mbewe ali ku Zomba, ndinamva kuti amayendetsa minibasi ya munthu wina. Ndinawatumizira mawu pa foni kangapo. Mnzangayu akuti zimaonetsa kuti anamvera, koma sanayankhepo, ndipo sindiwaimba mlandu. Samiru anaikidwa kwawo. Mayi ake anauzidwa mwaulemu ndi anthu oyenera, atakhala pansi, ndipo Yusufu amawaimbira Lachisanu lililonse. Yusufu sadzaulukanso, msana unakana. Ali konkuno, amathandiza ku ofesi kwa Abwana, ndodo yatsala imodzi. Zitumbuwa ndinamuphikirapo kamodzi, anadya, koma chomaliza anachisiya m'mbale, ndipo sindinaphikenso. Madamu amandiyankhula za ntchito zokha. Moni amayankha, koma kuseka nane kunatha tsiku lija.

Haja alipo. Ndimawasambitsa, ndimawatembenuza, ndimawakhazika pawindo m'mawa kuti aone nyanja. Pakudya amafulumira n'kutsamwa, ndiye tsopano ndine amene ndimawauza kuti, “Shuwai shuwai, Amama.” Ndege ikamadutsa kupita ku eyapoti, tonse awiri timakweza maso n'kuilondola mpaka itabisika kuseri kwa nyumba zazitali. Dzanja lawo lamoyo limafunafuna langa. Ine ndimaligwira, pakamwa nditatseka.